Lipoti: kuseta ma alamu a kutentha pa cold room ndi mafiriza a shopu ina ku Rosettenville

Shopu yake ndi ya mayi ena a kwathu, ili ku Rosettenville kummwera kwa Joni, amagulitsa nkhuku, nyama, zamkati ndi nsomba, kuseri kuli kitchini yomwe amaphikamo nsima ndi ndiwo za take-away. Anandiitana atataya katundu wa mu cold room yonse, ndipo chowawa nchakuti masensa analimo kale, app pa foni analinso nayo, koma chinthucho sichinawauze kanthu. Ndalemba zonse chifukwa vuto lomweli ndikumalipeza malo ambiri, anthu amagula sensa, kuimangirira penapake, basi nkumati atha.

Zomwe zilipo

Cold room yaing'ono ya mapanelo, controller yake, kachipangizo koyatsa ndi kuthimitsa kompresa, ndi Dixell XR60, yosetedwa pa 2°C. Mafiriza awiri otsegulira pamwamba, imodzi yatsopano ina yokalamba ndithu. Firiji yagalasi kutsogolo momwe mumakhala polony, mkaka ndi yogati. Amene anaika masensa poyamba anagwiritsa ntchito DS18B20 anayi, aliyense pa waya wake, olowa m'kabokosi ka Wi-Fi komwe kamatumiza ku app. Zidazo sizoipa ayi, DS18B20 ndimaigwiritsa ntchito inenso, yotchipa komanso yodalirika. Nkhani inali kasetedwe.

Zomwe zinachitika

Loweruka usiku akuba anadula kebulo m'deralo, magetsi anathima msewu wonse. Sinali loadshedding yoti uiwone pa EskomSePush, app yoonetsa nthawi yothima magetsi, nkukonzekera, inangobwera. Router inali yopanda batire ndiye inathima nthawi yomweyo, kabokosi ka masensa nakonso kanathima, app inangotsala ikuonetsa 3°C, nambala yomaliza yomwe inalandira. Lamulungu shopu satsegula. Mayiwo akuti anayang'anadi pa foni atachoka ku tchalitchi, anaona 3 nkukhala mtima m'malo. Magetsi anabwera Lamulungu madzulo koma breaker ya cold room inagwa pobwerapo, nde kompresa sinadzuke. Lolemba m'mawa nkhuku ndi zamkati zinali pa 14°C, fungo litayamba.

Nditawafunsa ngati foni inalirapo, anati, "Achimwene, chinthucho ndinachitseka pakamwa kalekale, chimalira tsiku lonse ndi usiku womwe, ndikathamangira kukaona ndikupeza zonse zili bwinobwino." Nditatsegula history ya app ndinawamvetsa. Alamu inali pa 5°C popanda kudikira ngakhale mphindi imodzi, ndipo sensa ya mu cold room anaipachika pamwamba pa chitseko, ikulendewera m'mwamba. Munthu akangotsegula kuti atenge kreti, mpweya wotentha wa mu kitchini ukuimenya, alamu. Defrost, nthawi yomwe makina amasungunula ayezi wake, ikayamba, maola 6 aliwonse, mpweya umakwera mpaka 8 kapena 9 kwa kanthawi, alamu. Galu wouwa chilichonse anthu amasiya kumudzukira, ndi zomwe zinachitika apa. Ndiye panali mavuto awiri osiyana: alamu yolira pachabe mpaka anaithimitsa, komanso tsiku lomwe imafunikadi sikanatha kulira olo akanaisiya yoyaka, poti inali itafa limodzi ndi magetsi.

Manambala ndinawatenga kuti

Sindiseta manambala a m'mutu. Kuno ku South Africa malo ogulitsa chakudya amayendera malamulo a ukhondo wa chakudya otchedwa R638 ya 2018, yomwe ili pansi pa Foodstuffs, Cosmetics and Disinfectants Act ya 1972, ndi yomwe imakupatsani Certificate of Acceptability ija imakhala pakhoma. M'menemo muli tebulo: nsomba zaziwisi, nkhuku, zamkati ndi mkaka zisapitirire 4°C, zakudya zina zofunika kuzizira zisapitirire 5°C, zouma ndi chisanu zikhale pa -12°C kapena kutsika, ice cream -18°C, ndipo zotentha zisatsike pansi pa 60°C. Ambiri akadali ndi 7°C m'mutu chifukwa malamulo akale ankatero. Shopu iyi katundu wake wambiri ndi wa gulu la 4°C, nde alamu ya pa 5 ija inali yolira msanga kwambiri ikatengera mpweya, komanso yochedwa ikatengera nkhuku yeniyeniyo.

Za polony ndinakhalitsapo pang'ono ndi anyamata a pa shopu. Amene analipo kuno 2017 mpaka 2018 akukumbukira listeriosis, anthu opitirira 1000 anadwala, opitirira 200 anamwalira, mu March 2018 nduna ya zaumoyo Aaron Motsoaledi analengeza kuti gwero lake ndi polony ya ku fakitale ya ku Polokwane. Kachilombo ka Listeria kamatha kuswana ngakhale mu firiji, kungoti pang'onopang'ono, ndipo digiri iliyonse yomwe yakwera kamafulumira. Polony saphikanso, amangodula nkuika pa buledi. Ndiye firiji yagalasi ija, yomwe aliyense amaiona ngati yosafunika poti mulibe nyama yodula, ndinaiika pa mzere umodzi ndi cold room.

Kusuntha masensa

Iyi ndi mbali yomwe imasintha zambiri ndipo siidya ndalama. Chomwe tikufuna kudziwa ndi kutentha kwa chakudya, osati kwa mpweya. Mpweya umakwera ndi kutsika m'masekondi, kreti ya nkhuku imatenga nthawi yaitali kuti isinthe. Nde sensa ya mu cold room ndinaiviika m'kabotolo kakang'ono ka glycol, madzimadzi osauma msanga ndi chisanu, nkukamangirira pa shelefu yapakati, kutali ndi chitseko, komanso osati kutsogolo kwa evaporator komwe fani imaphulitsira mpweya wozizira, poti pamenepo ingamakunamizeni kuti zonse zili bwino. Malo abwino ndi mbali yomwe mpweya umabwerera, pomwe pamakhala potenthako m'chipindamo. Glycol yake ikhale propylene glycol ya food grade. Antifreeze ya galimoto ayi chonde, yambiri imakhala ethylene glycol ndipo ndi poizoni, botolo likadontha pa nyama mwapha anthu.

Mu mafiriza ndinagwiritsa kabotolo kodzaza mchenga wouma m'malo mwa madzimadzi, nkukaika pamwamba pafupi ndi chivindikiro pomwe pamayamba kusungunuka. Waya wakale ankadutsa pa labala ya chivindikiro, wonenepa, akusiya mpata moti m'mbalimo munali ayezi wambiri. Ndinasintha nkuika waya wopyapyala wa flat. Pa cold room ndinaboola panelo, kudutsitsa waya, kumata silicone mbali zonse ziwiri. Waya wodutsa pa chitseko cha cold room sakhalitsa, amaphwanyika mkati koma kunja akuoneka wabwinobwino.

Ndisanamange ndinayesa sensa iliyonse. Kapu yodzaza ayezi wophwanya, madzi pang'ono, kutakasa, kudikira, iyenera kuwerenga 0°C. Atatu anali pafupi kwambiri, imodzi imawerenga 0.8 nde ndinaichotsa, pamsika pali ma DS18B20 ambiri achinyengo. Osayesera m'madzi owira nkumayembekeza 100, Joni ili pamtunda, mamita pafupifupi 1750, madzi amawira cha m'ma 94°C, mutha kutaya sensa yabwino pachabe. China, DS18B20 imalonjeza kulondola kwa theka la digiri pakati pa -10 ndi 85°C basi, mu firiza ya -20 itha kuphonya kuposa pamenepo, choncho a m'mafiriza ndinawayerekeza ndi thermometer yanga yobaya ali momwemo nkulemba kusiyana kwake mu pulogalamu.

Kasetedwe ka ma alamu

Kabokosi kakale ndinakachotsa poti sikalola kuika nthawi yodikira, ndinaika ESP32, kakompyuta kakang'ono ka Wi-Fi, yomwe imawerenga mphindi iliyonse nkutumiza ku seva yomwe ili kunja kwa shopu. Ma alamu ali pa masitepe awiri.

Cold room ndi firiji yagalasi: botolo likakhala pamwamba pa 4°C kwa mphindi 30 mosalekeza, meseji imapita pa gulupu ya Telegram ya ogwira ntchito. Likafika 7°C, kapena likakhala pamwamba pa 4 kwa maola 2, imapita SMS kwa mayi ndi kwa ine, kenako foni imaimbidwa. Alamu imatha pokhapokha kutentha kwabwerera pa 3°C, osati pa 4, apo bii ikamavina pa 3.9 ndi 4.1 mulandira mameseji osatha. Ndinaikanso ya pansi, -1°C, anthu amaiwala imeneyi. Contactor, switch yomwe imapatsa kompresa magetsi, ikamatirira kompresa siima, mupeza mkaka ndi tomato zauma gwa.

Mafiriza akakhala bwino amayenda pakati pa -18 ndi -22. Chenjezo loyamba lili pa -15 kwa ola limodzi, lachiwiri pa -12 pomwe ndi malire a lamulo. Ola limodzi likuoneka lalitali koma firiza siithamanga, ndipo akalongedza katundu watsopano m'mawa imakwera kwa kanthawi, sindimafuna kuti izilira pa zimenezo.

Chitseko cha cold room ndinaika reed switch, kaswitch ka maginito kodziwa ngati chatsegulidwa, chikakhala chotsegula mphindi 5 imalira buzzer mu kitchini momwemo, siitumiza meseji kwa aliyense. Wotseka chitseko ali pompo, kuvutitsiranji mayi ali ku Joburg Market ku City Deep kukagula masamba.

Pa controller ya Dixell ija ndinagwiraponso. Ili ndi alamu yakeyake, ALU ndi malire apamwamba, ALL apansi, ALd ndi nthawi yodikira, dAO ndi kudikira magetsi akangobwera. Zinali pa manambala a ku fakitale, ALU ili kutali zedi moti sikanalira olo nyama itawola. Ndinaitsitsa kuti izionetsa HA, chizindikiro chakuti kwatentha, pa screen ngati chothandizira. AC, yomwe imaletsa kompresa kudzuka msanga ikangothima, ndinaikweza kufika mphindi 5 chifukwa magetsi a kuno amatha kubwera nkuthima nkubweranso.

Alamu ya chete

Kwa ine iyi ndiye yaikulu pa zonse, ndi yomwe ikanapulumutsa katundu uja. Kabokosi kamatumiza moni ku seva mphindi 5 zilizonse. Seva ikapanda kumva kanthu kwa mphindi 20, iyoyo ndi yomwe imatumiza alamu kuti shopu yasowa. Chifukwa chake seva iyenera kukhala kunja, chinthu chomwe chafa sichinganene chokha kuti chafa. Ndipo pa dashboard nambala ikakalamba kupitirira mphindi 10 imafufutika nkulemba kuti palibe data, isamaonetsenso 3°C ya dzulo ngati ya pano.

Router ndi ESP32 ndinaziika pa mini UPS, batire yaing'ono ija aliyense anagula nthawi ya loadshedding ya stage 6 mu 2022 ndi 2023. Loadshedding inachepa kuyambira 2024 ndipo ambiri anataya mphwayi, mabatire a ma UPS awo anafa osadziwa, koma kuba makebulo, ma substation kupsa ndi ziphaliwali za m'chilimwe sizinathe. Ndinaikanso ka relay kakang'ono koona ngati magetsi alipo pa mzere wa cold room weniweniwo, kuseri kwa breaker yake, osati pa socket ya mu shopu. Magetsi akathima mphindi 10 imabwera meseji. Akabwera imabweranso. Ndipo pakatha mphindi 45 chibwerere magetsi kutentha kusanayambe kutsika, imeneyo ndi alamu ya sitepe yachiwiri, ndekuti kompresa sinadzuke. Breaker yomwe inagwa ija ndinapeza kuti capacitor yoyambitsira kompresa inali itafooka, imakoka magetsi ambiri podzuka, ndinasintha. Surge protector, yoteteza zida magetsi akabwera mwamphamvu, pa DB board, bokosi la ma breaker, inaikidwanso ndi electrician wa mapepala, imeneyo si ntchito yoti aliyense azigwira.

Intaneti ya shopu ndi router ya LTE. SIM yake inali ya prepaid yomwe mwana wa mayiwo amaikamo data akakumbukira. Tinagwirizana kuti ikhale ya mwezi ndi mwezi yodzilipira yokha, ndipo password ya Wi-Fi isinthidwe, poti anyamata ankaonerapo mpira data nkutha pakati pa mwezi.

Manambala abodza

Amene mumagwiritsa DS18B20 mukudziwa, nthawi zina imatulutsa 85°C, ndi nambala yomwe imakhala nayo ikangoyaka isanawerenge, ndipo pulogalamu yowerengera sensayo imabweza -127 waya akaduka. Mukapanda kuzisefa, 85 idzadzutsa anthu 2 koloko usiku kuti firiza ikuyaka moto, pomwe -127 idzaoneka ngati kuzizira kwabwino nkukhala chete. Ndinaseta kuti ziwirizi zisawerengedwe ngati kutentha, zikabwera katatu motsatizana ipite meseji ina yoti sensa yavuta. Firiza yakale ili kutali, waya wake ndi wautali, imatayataya mawerengedwe mpaka nditaona kuti resistor ya 4.7k yomwe DS18B20 imafuna pa waya wa data panalibe pa mzere umenewo.

Meseji imati chiyani, ikupita kwa ndani

Meseji yongoti ALARM 5.2 siithandiza mnyamata amene wayamba ntchito sabata yatha. Ndinazilemba m'Chichewa poti onse pa shopupo ndi a kwathu, mwachitsanzo: "COLD ROOM yakwera, 5.2°C kwa mphindi 30. Onani chitseko, mverani ngati fani ikuzungulira, onani breaker nambala 4. Mukaona dinani NDAONA." Wina akapanda kudina pa mphindi 15 imakwera yokha kupita kwa mayi. Breaker zonse ndinazilemba ndi marker pa DB board.

Mafoni nawo ndi nkhani. Android yambiri imagoneka ma app pofuna kusunga batire, meseji nkufika m'mawa. Ndinakhala ndi foni ya aliyense kuchotsa Telegram pa battery saver, ndipo nambala yomwe imaimba ndinaiika pa favourites kuti izidutsa olo foni ili pa Do Not Disturb. Funso lomwe ndimafunsa paliponse ndi loti usiku pakati alamu ikalira, ndani ali ndi makiyi ndipo afika bwanji. Mayiwo amakhala ku Turffontein, pafupi ndithu, koma kuyenda okha usiku ayi. Anapatsa makiyi mchimwene wawo amene amagona kuseri kwa shopu, iyeyo ndiye woyamba pa mndandanda wa usiku.

Ndinawalemberanso pepala lomata pa chitseko la zochita magetsi akathima. Osatsegulatsegula. Malangizo a USDA, unduna wa zaulimi ku America, amati firiji yotseka imasunga kuzizira pafupifupi maola 4, firiza yodzaza maola 48, ya theka maola 24. Nde nkhawa yoyamba ndi cold room ndi firiji yagalasi, mafiriza atha kudikira. Pakadutsa maola awiri magetsi osabwera, nkhuku ndi zamkati azisamutsire mu firiza, m'mipata aike mabotolo a madzi ouma omwe tsopano amakhala okonzeratu.

Kuyesa

Sindichoka pamalo ndisanaone alamu iliyonse ikulira. Botolo ndinalitulutsa kunja kuti likwere, breaker ndinaigwetsa dala, router ndinaizula pa UPS, waya wa sensa ndinamusolola. Zonse zinafika, kupatula foni ya mnyamata mmodzi yomwe inali itadzaza memory moti Telegram simatseguka nkomwe.

Zomwe ma graph anaulula

Masabata oyamba alamu ya cold room imalira pafupifupi madzulo aliwonse cha m'ma 9 koloko, shopu atatseka. Mayi anayamba kale kunena kuti, "Achimwene, chayambanso chija." Koma ulendo uno sensa ili mu glycol, siinganame choncho. Graph imaonetsa kukwera pang'onopang'ono kuyambira 8 koloko mpaka pafupifupi 6°C, kutsika pakati pa usiku. Ndinapita nthawi yotseka kukangoima. Anyamata amatenga poto wamkulu wa nyemba ndi wina wa nyama yotsala, otentha kuchokera pa gasi, kulowetsa mu cold room nkuika pa shelefu yomweyo ya nkhuku. Akhala akutero kuyambira kale, alamu yakale imaliranso pa zimenezi koma zinasokonekera m'phokoso lija. Vuto lake ndi la mbali ziwiri, akutenthetsa nkhuku yaiwisi yomwe ili pafupi, komanso pakati pa poto wamkulu choncho pamakhala pofunda maola ambiri, ndi momwe tizilombo timakondera. Mkulu wa kitchini anati, "Bwana, tikasiya panja mpaka m'mawa ziwonongeka." Akunena zoona, yankho si kusiya panja. Tsopano amagawa m'matreyi osaya, amawaika m'sinki ya madzi a ayezi kuti nthunzi ithe, kenako mu cold room pa shelefu yapamwamba, zophika pamwamba zaziwisi pansi. Alamu ya 9 koloko inatha.

Firiji yagalasi imakwera masana kuyambira 1 koloko. Condenser yake, yomwe imatulutsa kutentha kunja, inali yotsekeka ndi fumbi ndi ufa, poti matumba a ufa amawaunjika pambali pake, ndipo dzuwa la pa windo limaimenya. Kutsuka condenser ndi kuisuntha pang'ono zinakwana. Defrost ya cold room imagweranso nthawi ya lunch pomwe chitseko chimatsegulidwa kwambiri, ndinaiyambitsa pamanja nthawi ina kuti maola 6 aja aziwerengedwa kuchokera pamenepo, ngakhale magetsi akathima imatha kusunthanso poti controller iyi ilibe wotchi.

Buku lolemba pamanja sitinalisiye. Amabayabe ndi thermometer m'mawa ndi madzulo nkulemba, a zaumoyo a ku khonsolo akabwera amafuna kuona kuti pali munthu amene amayang'ana, ndipo ndi njira yodziwira ngati sensa yayamba kuphonya. Graph ya mwezi timaisindikiza nkuika mu fayilo yomweyo.

Zotsala

Firiza yakale ikulephera kutsika pansi pa -16 kukatentha, kompresa siipuma, labala yake yauma. Ndawauza kuti alamu yake sindikweza malire pofuna kuti ikhale chete, asinthe labala kaye tione, zikakanika agule ina. Labala ya chitseko cha cold room yang'ambika pansi, ndaitanitsa. Jenereta yomwe ali nayo ndi yaing'ono, imayatsa mababu ndi till koma kompresa ya cold room siingaidzutse, ndipo palibe changeover switch yosinthira shopu kupita pa jenereta, nde quotation ya zimenezi ili m'manja mwa electrician. Loweruka loyamba la mwezi uliwonse mchimwene wawo uja azizula router pa UPS nkudikira mphindi 20, meseji ikapanda kubwera andiimbire tsiku lomwelo.